Timapiri ta mchenga pansi pa nyanja ya Malawi: kusankha mwamuna ndi nkhani ya majini

Kufupi ndi Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kuli malo ena pansi pa madzi amene mutawaona mungaganize kuti munthu anaundapo milu ya mbatata. Mchenga wake ndi timapiri tokhatokha, tina apa tina apo, ndipo pamwamba pa kaphiri kalikonse pamazungulira nsomba imodzi yaimuna yonyezimira. Ndi nsombayo imene inamanga kaphiriko. Imatapa mchenga ndi kamwa, n'kukalavula pamulu, n'kubwereranso, kambirimbiri.

Wasayansi wina wa ku America, Kenneth McKaye, analemba za malowa mu 1983. Anapeza kuti bwalo lake ndi lotalika makilomita 4, pa kuya kwa mamita 3 mpaka 9, ndipo nthawi zina pamasonkhana nsomba zazimuna zoposa 50,000. Masiku ano mtundu wa nsombazi asayansi amautchula kuti Mchenga conophoros. Eya, mawu athu omwewa akuti mchenga analowa m'dzina la sayansi.

Chodabwitsa n'chakuti kaphiriko si chisa cholereramo ana ayi. Yaikazi imafika, kuyendera timapiri tingapo, n'kusankha pamene yakonda. Ikaikira mazira imawatola msanga ndi kamwa, yaimuna n'kuthira umuna wake, basi yaikaziyo ulendo. Mazirawo amaswera m'kamwa mwa mayi, kutali ndi kaphiri kaja. Nanga yaimuna imavutikiranji chonchi? Ndipo ntchito imeneyi imasiya chizindikiro chanji m'majini a nsombazi? Mafunso awiriwa ndiwo phunziro lathu la lero.

Mchira umene unamusowetsa mtendere Darwin

Amene muli Fomu 4 mwakumana kale ndi Charles Darwin ndi natural selection. Mwachidule, zamoyo za mtundu umodzi zimasiyanasiyana, zina mwa zosiyanazo zimachokera kwa makolo, ndipo zimene zili ndi makhalidwe ozithandiza kupulumuka ndizo zimasiya ana ambiri. Darwin anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1859.

Koma panali mbalame imodzi imene inkamuzunguza mutu: pikoko. Mchira wa pikoko yaimuna ndi wautali, wolemera, woonekera patali. Suithandiza kupeza chakudya, suithandiza kuthawa adani. Mu 1860 Darwin analembera mnzake Asa Gray kalata yodandaula kuti akangoona nthenga ya mchira wa pikoko amamva ngati adwale. Mfundo yake imati zopanda ntchito zimatha, koma apa chinthu chooneka cholemetsa chinali chitakula mpaka kunyanya.

Yankho lake analitambasula bwino m'buku lina la mu 1871. Kupulumuka kokha sikokwanira. Nyama imene yakhala zaka zambiri koma osabereka, majini ake amathera pomwepo. Choncho khalidwe lililonse lothandiza kupeza mkazi kapena mwamuna lingathe kufalikira, ngakhale litakhala lofupikitsa moyo. Zimenezi ndizo amati sexual selection, ndipo dzinali lisungeni chifukwa mudzalipeza m'mabuku.

Zimachitika m'njira ziwiri. Yoyamba mumaiona pakhomo pomwe: atambala awiri akamajomphana, kapena atonde akamagundana mitu, wopambana ndiye amakwera zazikazi zambiri. Apa n'kumene kumachokera nyanga zazikulu ndi matupi amphamvu. Njira yachiwiri ndi ya kusankha: zazimuna zimadzionetsera, zazikazi n'kusankha. Apa ndiye pamachokera nthenga zokongola, nyimbo, magule ndi timapiri ta mchenga tija.

Kawirikawiri yosankha imakhala yaikazi chifukwa ndiyo imalowetsapo zambiri. Taganizirani nsomba yaikazi imene yasunga mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya bwinobwino. Ikalakwitsa posankha, yaluza zambiri. Yaimuna ingathe kukwerana ndi zazikazi zingapo pa nthawi yochepa. Koma si lamulo losasinthika. Mbalame ya zala zitalizitali yoyenda pamasamba a pamadzi, yotchedwa African jacana, imachita mosemphana: yaimuna ndiyo imafungatira mazira ndi kulera anapiye, ndipo zazikazi, zomwe ndi zazikulupo, ndizo zimalimbirana amuna.

Kodi umboni ulipo?

Kwa zaka zambiri asayansi ena ankakayikira zoti mbalame kapena nsomba yaikazi ingasankhe. Mu 1982 Malte Andersson wa ku Sweden anayesa nkhaniyi ku Kenya pa mbalame zakuda zotchedwa long-tailed widowbird, zimene zazimuna zake zimakhala ndi mchira wotalika pafupifupi theka la mita. Zina anazidula michira. Nthenga zodulazo anazimata ndi guluu ku michira ya zina kuti italike kwambiri. Zina anazisiya mmene zinalili kuti afanizire. Zotsatira zake, m'madera a mbalame za michira yowonjezerayo ndimo zazikazi zinamanga zisa zatsopano zambiri.

Onani mmene anachitira: anasintha chinthu chimodzi chokha, n'kukhala ndi gulu lofanizira. Ndi zomwe aphunzitsi amakuuzani mu labu zija. McKaye ndi anzake nawonso anapeza kuti ku Cape Maclear zazikazi zimakonda kuikira mazira pa timapiri tatitali kusiyana ndi tatifupi.

Tilowe m'kati mwa selo

Genome ndi DNA yonse imene chamoyo chili nayo, malangizo onse pamodzi. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Genome ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, pamene ya nsomba monga mbuna ili ndi pafupifupi 1 biliyoni. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a ntchito inayake, ndipo jini limodzi lingathe kukhala ndi mitundu ingapo, imene mumaidziwa kuti ma allele.

Anthu awiri osakhala pachibale amasiyana pafupifupi chilembo chimodzi pa zilembo 1,000 zilizonse. Kusiyana kotereku ndiko timati genome variation. Kumayamba ndi mutation, kutanthauza kulakwika pokopera DNA. Mwana aliyense wa munthu amabadwa ndi ma mutation atsopano makumi angapo amene makolo ake analibe. Kenako meiosis imasakaniza ma allele a bambo ndi a mayi, mwakuti dzira lililonse ndi umuna uliwonse zimatuluka zosiyana.

Popanda kusiyana kumeneku palibe chosankha. Zikanakhala kuti nsomba zazimuna zonse 50,000 zija n'zofanana ndendende, yaikazi ikanangoikira mazira pa kaphiri koyamba kukapeza.

Funso lovuta: bwanji kusiyanako sikutha?

Apa ndiye pali pogona nkhani. Tiyerekeze kuti agogo anu chaka chilichonse amasunga mbewu kuchokera ku zitsononkho zazikulu zokhazokha. Pakapita zaka zambiri, ma allele opatsa chimanga chaching'ono amachepa mpaka kusowa. Kenako munda wonse umafanana, ndipo kusankha sikuwonjezeranso kanthu.

N'chimodzimodzi pa bwalo la nsomba. Ngati zazikazi m'badwo uliwonse zimasankha omanga timapiri tatitali, ma allele a omanga bwino ayenera kudzaza mtundu wonse. Zikatero zazimuna zonse zifanana, ndipo yaikazi, imene sipeza chakudya kapena chitetezo kwa mwamunayo koma majini okha, ilibenso chifukwa chotayira nthawi kuyendera timapiri. Komatu zazimuna zikusiyanabe, ndipo zazikazi zikusankhabe. Bwalo lodzionetserapo zazimuna limatchedwa lek, motero chododometsachi asayansi amachitcha lek paradox. Pali mayankho atatu amene ali ndi umboni.

Yankho loyamba: chokongoletsacho ndi lipoti la thupi lonse

Kumanga kaphiri katali ndi kukateteza si ntchito ya jini limodzi. Pamafunika minofu yamphamvu, mimba yogaya bwino chakudya, maso akuthwa, ndi thupi lolimbana ndi matenda. Zonsezi zimadalira majini mazanamazana. Kaphiriko tingakayerekeze ndi lipoti la kumapeto kwa teremu: nambala imodzi, koma yochokera ku maphunziro onse. Popeza ma mutation atsopano amagwa paliponse mu genome m'badwo uliwonse, ndipo ambiri mwa amene amasintha kanthu amawononga, nthawi zonse pamakhala zazimuna zina zolemedwa ndi ma mutation oipa kuposa zinzake. Locke Rowe ndi David Houle anafotokoza mfundo imeneyi mu 1996.

Ngati n'zoona, ndiye kuti zazikazi posankha zikusefa ma mutation oipa m'mtundu wonse. Gulu la Matt Gage ku yunivesite ya East Anglia ku England linayesa zimenezi pa tizilombo tofumbwa ufa totchedwa Tribolium. Magulu ena anawaweta mwa mpikisano waukulu, tamuna 90 kulimbirana takazi 10. Magulu ena analibe mpikisano, kamuna kamodzi ndi kakazi kamodzi. Patapita mibadwo yambiri anayamba kukweretsa mlongo ndi mchimwene, chifukwa kukwerana pachibale kumaonetsa poyera ma allele oipa obisika. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mabanja ochokera ku magulu opanda mpikisano onse anatha pofika m'badwo wa 10, pamene ena ochokera ku magulu ampikisano anali akadalipo pa m'badwo wa 20.

Yankho lachiwiri: mdani amasinthasintha

Mu 1982 William Hamilton ndi Marlene Zuk anati maonekedwe owala amasonyeza kuti yaimuna yapambana tizilombo toyambitsa matenda. Koma tizilomboto nato timasintha. Allele imene ikuteteza bwino lero ikachuluka, tizilombo timapeza njira yoizemba, ndipo allele ina imene inali yosowa imakhala ndiyo yabwino. Mpikisano wake sutha, choncho palibe allele imodzi imene imapambana mpaka kalekale.

Yankho lachitatu: chopindulitsa uku chimapweteka uko

Pa chilumba cha Hirta ku St Kilda, ku Scotland, kuli nkhosa zakutchire zotchedwa Soay. Jini limodzi, RXFP2, ndilo limalamulira kwambiri kukula kwa nyanga zawo. Susan Johnston ndi anzake anasonyeza mu 2013 kuti allele ya nyanga zazikulu imathandiza nkhosa yamphongo kubereka ana ambiri, pamene allele ya nyanga zazing'ono imaithandiza kukhala ndi moyo nthawi yaitali. Yamphongo imene ili ndi ma allele onse awiri ndiyo imapindula koposa. Motero ma allele onsewo amakhalapobe. Mukukumbukira sickle cell ndi malungo? Mfundo yake ndi yomweyo: heterozygote ikakhala pabwino, kusiyana sikutha.

Chitsanzo china chili m'nyanja mwathu momwemu. Mbuna zina zazikazi zimakhala za mawangamawanga akuda pa thupi la olenji. Maonekedwe amenewa amaibisa yaikazi pakati pa miyala. Koma yaimuna ikakhala nawo, mtundu wake wowala wokopera zazikazi umasokonekera. Allele imodzi, yabwino kwa mwana wamkazi, yoipa kwa mwana wamwamuna. Mu 2009 Reade Roberts, Jennifer Ser ndi Thomas Kocher anapeza kuti mawangawa amachokera ku jini la pax7, ndiponso kuti allele yake imakhala moyandikana kwambiri ndi kachigawo ka DNA kopangitsa nsomba kukhala yaikazi. Ziwirizi zimayendera limodzi popita kwa ana, choncho pafupifupi nsomba zonse zamawanga zimabadwa zazikazi. Zazimuna zamawanga zimapezeka mwa apo ndi apo. Apa mkangano wa pakati pa zazimuna ndi zazikazi unafika posintha mmene genome imagamulira kuti uyu akhale mwamuna, uyu mkazi.

Mitundu mazanamazana, DNA yofanana

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba za banja la cichlid yoposa 500, ndipo akatswiri ena amati imapitirira 800. M'banjali muli mbuna, utaka, ncheni ndi chambo. Pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Mu 2018 Milan Malinsky, Richard Durbin ndi anzawo anawerenga ma genome a nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanjayi. Anapeza kuti mitundu iwiri imasiyana ndi 0.1 mpaka 0.25 peresenti yokha ya zilembo zake. Kumbukirani kuti anthu awiri amasiyana ndi pafupifupi 0.1 peresenti. Ndiye kuti nsomba yodya ndere pamiyala ndi ina yosaka nsomba zinzake pakati pa nyanja, DNA yawo ndi yoyandikana modabwitsa. Anapezanso kuti ma allele ambiri amapezeka m'mitundu ingapo nthawi imodzi, chifukwa mitunduyi inapatukana posachedwa, m'kati mwa zaka pafupifupi 1 miliyoni, komanso chifukwa ina inkakwerana nthawi zina n'kupatsana majini.

Nanga ngati DNA ili yofanana chonchi, chimailekanitsa mitunduyi n'chiyani? Kadyedwe ndi malo okhala zili ndi gawo lake, koma chachikulu china ndi diso la yaikazi. Mitundu yambiri ya mbuna, itaikidwa m'thanki imodzi popanda mwayi wosankha, imakwerana n'kubereka ana amoyo. M'nyanja sizichitika kawirikawiri chifukwa yaikazi imafuna mwamuna wa maonekedwe a mtundu wake.

Timapiri tija natonso timasiyana. Mitundu ina imaunjika mchenga, ina imakumba dzenje. Asayansi anakweretsa Mchenga conophoros, womanga kaphiri, ndi mtundu wina wa utaka, Copadichromis virginalis, wokumba dzenje. Ana aamuna obadwawo anayamba akumba dzenje, kenako n'kuyamba kumanga kaphiri. Palibe anawaphunzitsa. Malangizo onse awiri anali mu genome yawo, ndipo ankagwira ntchito motsatizana.

Madzi akada, mpanda umagwa

Mpanda wodalira maso uli ndi vuto limodzi: umafuna madzi oyera. Umboni wake unachokera ku nyanja ya Victoria. Kumeneko kuli mitundu iwiri yapachibale ya nsomba zotchedwa Pundamilia, wina zazimuna zake zofiira, wina zabuluu. Ole Seehausen ndi Jacques van Alphen anaziika m'thanki. Pa kuwala wamba, zazikazi zinkasankha amuna a mtundu wawo. Atayatsa nyali ya mtundu umodzi yobisa kusiyana kwa kufiira ndi buluu, zazikazi zinasiya kusiyanitsa. Mu 1997 ofufuzawa anasonyezanso kuti m'madera a nyanjayo momwe madzi ndi akuda, nsomba zimakhala zosawala ndipo mitundu imakhala yochepa. Madzi a nyanja ya Victoria anada kwambiri m'zaka za m'ma 1900 chifukwa cha kudula mitengo, ulimi ndi zonyansa zochokera m'matauni.

Ndiye taganizani za mitsinje yathu nthawi ya dzinja, mmene Linthipe kapena Bua imatsikira kunyanja itafiira ndi dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo. Dothi limenelo limadetsa madzi, limakwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Mtundu wa nsomba ungathe kutha popanda nsomba ndi imodzi yomwe kuphedwa. Zimangofunika kuti zazikazi zilephere kuona, mitundu iwiri isakanikirane, n'kusanduka umodzi.

Khoka lokokedwa pansi pa bwalo loswerana nalonso limawononga pawiri: limagwira nsomba zimene zasonkhana kudzaswana, ndiponso limasalaza timapiri. Chambo nachonso chimakumba mabwalo ake pamchenga m'madzi osaya. Mukamva kuti boma latseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane, dziwani kuti chotetezedwacho si chiwerengero cha nsomba chokha. Nsomba zikatsala zochepa, ma allele osowa amatayika, zazikazi zimasowa posankha, ndipo sefa ija yochotsa ma mutation oipa imafooka.

Zolakwika ziwiri zoti mupewe pa mayeso

Choyamba, musalembe kuti nsomba inaganiza zomanga kaphiri kuti ikope akazi, kapena kuti yaikazi imadziwa za majini. Palibe nsomba imene imadziwa DNA. Chimene chinachitika n'chakuti zazimuna zomanga bwino zinasiya ana ambiri, zazikazi zosankha bwino zinabereka ana olimba, ndipo ma allele a makhalidwe amenewa anachuluka m'badwo ndi m'badwo.

Chachiwiri, musatenge za nsomba n'kuziika pa anthu ngati lamulo la chikhalidwe. Sayansi imeneyi imafotokoza mmene makhalidwe a nyama anayambira. Siuza mnyamata kapena mtsikana mmene ayenera kukhalira.

Yesani mafunso awa

1. Fotokozani kusiyana kwa natural selection ndi sexual selection, ndipo perekani chitsanzo chimodzi pa chilichonse kuchokera ku ziweto za kwanu.

2. Andersson anali ndi mbalame zina zimene anazidula mchira n'kuumatanso pomwepo, osasintha kutalika kwake. Mukuganiza kuti anachitiranji zimenezi?

3. Nkhosa yamphongo ya Soay yokhala ndi ma allele onse awiri yakwera yaikazi yokhalanso ndi onse awiri. Jambulani Punnett square. Ndi gawo lanji la ana limene lidzakhale heterozygous? Kodi zimenezi zikufotokoza bwanji chifukwa chimene allele ya nyanga zazing'ono siitha?

4. Mudzi wina uli pamtunda wa makilomita 80 kuchokera kunyanja, m'mbali mwa mtsinje wothira m'nyanja ya Malawi. Fotokozani, sitepe ndi sitepe, mmene kudula mitengo m'mudzimo kungachepetsere mitundu ya mbuna.

Funso lachinayilo kakambiraneni ndi anzanu pagulu. Ndipo amene kwanu ndi kunyanja, tsiku lina madzi akadzakhala bata, dzapiteni ndi wamkulu wodziwa malo, mudzayang'ane pansi pamene pali mchenga. Mukadzaona dzenje lozungulira bwino kapena kamulu, dzadikireni pang'ono osagwedezeka, mwini wake abwera ndi mchenga m'kamwa.